Mkuyu wa pa Migowi

Ndinadzuka kusanache, ngakhale sindinganene kuti ndinagona. Ndinali nditatsamira khoma pafupi ndi pamene anagoneka agogo anga, ndipo amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atasasa mawu. Panja amuna anazinga chitsa chimene chinkangofuka utsi chifukwa cha chinyontho. Linali dzinja. Mitambo inakuta phiri la Bangwe mpaka m'munsi.

Agogo ndiwo anandilera. Mayi anga anamwalira ndili wakhanda, ndipo bambo sindinawadziwe. M'nyumba yathu ya zidina tinalimo awiri basi, tikudya za zitumbuwa zimene iwo ankagulitsa pamsewu.

Kwao kunali ku Migowi, m'chigwa cha Phalombe. Anachokako chaka cha njala yaikulu, kutsata amuna awo amene anapeza ntchito ya njanji ku Limbe, ndipo sanabwerereko ngakhale amunawo atamwalira. Ine ndinali ndisanapondeko, koma ndikanatha kuyendako nditatsinzina. Sankachita kukhala pansi kuti andifotokozere. Zinkangowatuluka manja ali pa ntchito. Ankanena za phiri la Michesi limene limaphimba dzuwa la m'mawa, za dothi lakuda la makande limene limakuvula nsapato mvula ikagwa, za anthu apanjinga obwera ndi matemba kuchokera ku Chilwa. Msika unkachitikira pansi pa mkuyu waukulu. Pafupi pake panali sitolo ya mmwenye ya khonde lalitali, pamene telala ankasokera, ndipo kanjira ka kwao kankadzera kuseri kwake. Chaka ndi chaka ankati, “Tidzapita mvula ikatha.” Mvula inkatha, ina n'kubwera.

Tsiku limene anamwalira, mkulu wa mpingo anandifunsa mudzi wawo ndi mfumu yawo, kuti uthenga ukalengezedwe pa wailesi. Apo m'pamene ndinaona kuti sindinkadziwa. Ngakhale dzina lawo la pa utsikana sindinkalidziwa, pakuti ku Bangwe aliyense ankangoti Mai Jailosi. Ndinanena zokhazo zimene ndinali nazo: uthenga upite ku Migowi, kwa abale a kuseri kwa sitolo ya mmwenye, pafupi ndi mkuyu wa pamsika.

“Mwanawe, wailesi si yolozera anthu njira,” anatero mkuluyo. Komabe anapita nawo momwemo.

Tsono m'mawa umenewo maso anga anali kumsewu. Kwathu munthu ndi wa kuchikazi. Pakapanda kubwera wa mbumba yawo, agogo akanaikidwa ngati mlendo wodutsa, ndipo ine ndikanatsala wopanda koloza ndikafunsidwa kwathu.

Kutayera, adzukulu ananyamuka ndi makasu kupita kumanda. Amayi anaika mafuwa kuseri kwa nyumba n'kukoleza moto ndi nkhuni zonyowa, akupukuta misozi ya utsi ndi nsonga za zitenje. Khomo lililonse linabweretsa kake: uyu mbale ya ufa, uyu nyemba, wina mtolo wa nkhwani. Kalipentala wachisilamu woyandikana nafe, amene agogo ankakangana naye kawirikawiri chifukwa cha mbuzi zake, anabweretsa bokosi pamutu, nalitula pakhonde. Misomali anaisunga m'thumba.

Anthu anachuluka dzuwa litakwera. Kunabwera anzawo ogulitsa pamsewu, okalamba amene anagwira ntchito ndi agogo aamuna ku njanji, ndi ena amene ndinkangowaona pampopi. Basi iliyonse yochokera ku Limbe ikaima, ndinkayang'ana otsikamo mmodzimmodzi. Onse anali ndi mapazi ofiira a dothi lathu lomweli.

Adzukulu atabwerako kudzadya, mmodzi wa iwo anatenga lichero la agogo, nalisenza, n'kuyamba kutsimphina monga ankayendera iwo.

“Zamoto izi, zamoto! Wangongole anunkhize ali patali!”

Anthu anaseka, ena akulira. Inenso ndinaseka. Mawuwo anawatengera ndendende.

Masana atapendeka, kum'mawa kunada bii. Akuluakulu ananong'onezana. Tcheyamani wa chipani wa dera lathu anaima, napepesa anamfedwa mwachidule, nakumbutsa anthu za makhadi a chipani mwachitali, kenaka anati manda akadzaza madzi ntchito ikhala iwiri. Mkulu wa mpingo anabwera kudzagwada pafupi nane. Anati tadikira mokwanira. Ndinagwedeza mutu. Kalipentala anandiyang'ana kaye asanatulutse misomali ija, ndipo anakhoma mosalimbitsa.

Tinanyamuka. Amuna ankalandirana bokosi, amayi akutsogola ndi nyimbo. Tinadutsa pamene agogo ankakhala ndi lichero lawo. Mwala umene ankakhalira unali pomwepo. Amagolosale anatseka zitseko theka, apanjinga anatsika n'kuvula zipewa. Pokwera chitunda cha kumanda, chigwa chonse cha kum'mawa chinaonekera, koma Mulanje anali atabisala m'mvula. Agogo ankakonda kuima pamenepo n'kuloza ndi mlomo, amvekere kwathu ndi kuseri uko.

Bokosi litaikidwa m'mbali mwa dzenje, mkulu wa mpingo anayamba mbiri ya malemu. Inali yaifupi. Anayambira pa chaka chimene anafika ku Limbe, ngati kuti anabadwa ali ndi mwamuna kale.

Ali pakati, kumbuyo kunamveka kulira kwachilendo. Anthu anapatuka. Anali mayi wokalamba, wamfupi, dengu lili pamutu, akulira m'Chilomwe. Ndinayang'ana mapazi ake. Matope anafika m'mawondo, atauma n'kung'ambika, ndipo anali akuda.

Anatula dengu, nati akufuna kuona nkhope. Tcheyamani anayang'ana kumwamba. Koma kalipentala anali atagwada kale, ndipo misomali inazuka mosavuta. Mayiyo anawerama nthawi yaitali.

“Elube,” anatero. “Ndiwe ndithu. Unati ukubwera mvula ikatha.”

Ataweramuka anafunsa mokweza kuti anatumiza uthenga uja ndani. Anthu anandiloza. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Ndiwe wa mkuyu uja? Mkuyuwo anadula kalekale, mwanawe, pomanga msika watsopano. Mmwenyeyo anachoka pamene anawauza kuti azikakhala m'matauni. M'sitolomo mukugona mbuzi. Anyamata amene anamva wailesi ankaseka, amvekere ku Migowi kulibe malo otero. Ndinawauza kuti inu munabadwa dzulo, ndipatseni mpango wanga.”

Anali mng'ono wawo wa agogo, mwana wa mayi awo aang'ono. Lole imene anakwera inatitimira m'makande, ndipo anayenda pansi mtunda wautali asanapeze ina. Sanapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Anaima kumutu kwa manda n'kuyambanso mbiri ija pachiyambi pake. Anati makolo awo anadzera pampata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje pothawa nkhanza za Apwitikizi, mbewu zili m'madengu. Anatchula mayi wa agogo, ndi mayi wa mayi awo. Anatchula mudzi: kwa Nakhwala. Pomaliza anandigwira dzanja n'kulikweza.

“Uyu si wa m'tauni ayi. Munda wa agogo ake ulipo, ndikulima ndine.”

Dothi loyamba tinaponya limodzi. Mvula inayamba adzukulu akumaliza kuumba mtumbira, ndipo anthu anabalalika atafunda zitenje ndi masaka kumutu.

Madzulo nyumba inakhala zii. Amayi otsala kudzatigoneka anali kukhitchini, akulankhula chapansipansi. Panja panatsala mafuwa akuda ndi phulusa lonyowa. Agogo aang'onowo anasambitsa miyendo yawo pakhonde, ndipo madzi akudawo anayenderera pabwalo lathu lofiira. Ndinawayang'ana madziwo mpaka analowa pansi. M'dengu muja munali nandolo ndi kalongonda pang'ono zimene anatengera maliro. Anakhala pamphasa ya agogo, natambasula miyendo monga ankachitira iwo.

Ndinawafunsa ngati anthu a matemba amabwerabe. Anati amabwera, koma chiumire Chilwa chaka chija matemba ake sakomanso ngati kale. Ndinafunsa za Michesi. Anaseka, nati phiri ndiye sanadule.

“Ubwere udzaone,” anatero akuyasamula. “Njira yaipa pano. Udzabwere mvula ikatha.”

Malata ankalira ndi madontho. Ndinayang'ana lichero lili pakhoma.

“Iyayi, agogo,” ndinatero. “Tikameta maliro, ndipita nanu ikugwa yomweyi.”