Zikhomo za Boma M'dimba la Ba Olipa

Amene munabwera ku Kafue posachedwapa simungawadziwe Ba Olipa Sakala. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, wochokera ku Katete. Anabwera kuno ndi amuna awo amene ankagwira ntchito ya njanji, ndipo bambowo atamwalira, mayi anakana kubwerera kwawo. Kutchalitchi ankati sangasiye manda. Ife oyandikana nawo tinkadziwa kuti chimene sakanasiya ndi dimba lawo la dothi lakuda bii, chakumunsi kwa msewu wa ku Lusaka, limene linkadyetsa ana asanu ndi matimati okha.

Cha m'ma 1969 mafakitale a feteleza ndi nsalu anali kumangidwa, ndipo anthu ankatsika sitima tsiku ndi tsiku ndi masutikesi pamutu, onse ofuna ntchito ndi pogona. Pamapu a akuluakulu, dimba la Ba Olipa linali malo opanda kanthu, oyenera nyumba za antchito. Choncho kunabwera wopima malo, Ba Ferdinand, bambo wamtali wa masokosi oyera ofika m'maondo. Anakhoma zikhomo makumi anayi, zosalala, zofika m'chiuno, chilichonse ndi kansalu kofiira.

Kutacha, pamzere panalibe chikhomo ngakhale chimodzi. Ba Olipa anali atazizula n'kumangirirapo matimati awo. Pamsika anauza anthu kuti ankayesa ndi thandizo la boma kwa alimi. "Nanga si tinapeza ufulu?" Ba Felistus, amene ankagulitsa kapenta pafupi nawo, amalumbira mpaka lero kuti ponena zimenezi mayiwo sanaphethire n'komwe.

Ba Ferdinand anatumiza anthu kukakhoma zina. Nazonso zinalowa ntchito yomweyo. Ulendo wachitatu anabwera okha, mapu m'khwapa, nkhope ili gwa, n'kupeza zikhomo zawo zitaweramira pansi ndi matimati.

"Amai, muziba kuti ivi ni vintu va boma?"

"Niziba, mwana wanga, ndiye chifukwa navisunga bwino. Onani mwamene vabalira. Kwanu ku ofesi vinabalapo?"

"Pano pazankala manyumba. Yalembewa kale pa pepala."

"Pepala yanu ikamba chani pali doti iyi?"

Bamboyo anatambasula mapu. Munali mizere, manambala, ngakhale mtengo wa mkuyu unalimo. Za dothi munalibe.

Ba Olipa anawapatsa khasu. "Temani apa." Khasu linalowa lonse kamodzi kokha, n'kutulutsa dothi lofewa, nyongolotsi zikuphiriphitha. Kenako anawatsogolera kumtunda, pamalo a miyala pamene ngakhale mbuzi zinkangodutsa osaima. "Manje temani apa." Khasu linalira ngwe! n'kudumpha, ndipo Ba Ferdinand anakhala kanthawi akupukusa dzanja.

"Mwaona? Nyumba siidya, iyo ingankale na pamwala. Matimati ndiye yasankha. Kuja mukaikako simenti, bantu banu ba mafakitale bazadyera chani nshima? Feteleza?"

Ba Ferdinand anabwerera masokosi ali akuda, atanyamula chitini cha dothi chimene mayiwo anawakakamiza kuti akaonetse mabwana awo. Ba Felistus amati chitinicho chinaikidwa patebulo pakati pa msonkhano, nyongolotsi imodzi n'kutuluka kuyenda pamapu. Iwo kumsonkhanoko kunalibe, koma amaifotokoza bwino kwambiri moti sindinawatsutsepo.

Miyezi itatu Ba Olipa ankadzuka m'mawa kukayang'ana ngati thirakitala yafika. Anaonda, mawu aja n'kuchepa. Kenako tsiku lina tinaona tinsalu tofiira tikupepera kumtunda, pamiyala paja. Nyumba zinamangidwa kumeneko, ndipo akazi a m'nyumbazo ndiwo anakhala makasitomala awo odalirika. Kuyambira pamenepo Ba Ferdinand ankayenda ndi khasu m'galimoto, anzawo n'kumawatcha Mlimi.

Dimbalo linakhala zaka zina khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ba Olipa atamwalira, ana anabalalika, ndipo amene anabwera kudzapima ulendo uno analibe khasu. Lero pali nyumba za mipanda yaitali. Koma mvula ikagwa, m'mbali mwa ngalande mumamera matimati osabzala aliyense, ndipo ndikadutsapo ndimachepetsa liwiro.

Zikhomo zija Ba Olipa sanabweze. Boma likazifuna, ziwiri zili kwanga, zikugwira nyemba.