Mapointi a Asisi

Mliri wa korona unandipeza ndikukhala ku Bur Dubai, m'fulati ya zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya nsalu. Ndinali namwino, ndipo anandiika kuwodi ya odwala matendawo. Fulatiyo inali m'dzina la mayi wina wakwathu ku Malawi, wowerengera ndalama pakampani yotumiza katundu, amene tinadziwana kutchalitchi. Anali wamkulu kwa ine, choncho ndinkawaitana kuti asisi. Ine ndinkachita lendi chipinda chaching'ono.

Kutatsala pang'ono kuti atitsekere m'nyumba, asisi anatenga khadi la ngongole kubanki ina. Chinawakopa chinali bonasi ya olowa kumene. Ukagula zinthu zokwana mlingo umene banki inaika m'miyezi itatu yoyamba, unkapatsidwa mapointi okwanira kugona masiku angapo kuhotela yapamwamba. Iwo ankati zimenezo n'zosavuta, poti ankakonda nsapato ndi mafuta onunkhira. Kenako masitolo akuluakulu anatsekedwa, kutuluka panja kunayamba kufuna chilolezo, ndipo khadi lija linangokhala m'chikwama. Apa m'pamene anandikumbukira.

"Mng'ono wanga," anatero ataima patali, masiki ali kukamwa, "kuyambira lero chilichonse chimene ukufuna kugula uzindiuza. Ndizilipira ndi khadi, iwe uzindibwezera. Mapointi akakwana tikapumula tonse kuhotela. Ukuvutika ndi odwala iwe, uyenera kukagonako pabedi labwino."

Ndinavomera. Ndinali wotopa, ndipo mawuwo anandikoma.

Koma munthu yemweyo ankandiopa ngati ndine matendawo. Mbale yanga, kapu ndi supuni anaziika m'beseni pakhonde. Pabalaza anandiletsa kukhala. Ndikabwera kuntchito ankanditsata pambuyo ndi botolo, kupopera paliponse ndagwira, uku akung'ung'udza kuti ndimve. Ndalama zimene ndinkawabwezera sankazilandira pamanja. Ndinkaziponya m'chitini pakhonde, ndipo zinkagona mmenemo masiku atatu iwo asanazikhudze.

Masabata akutha, mtima wawo unayamba kutentha. Ankandiyang'ana ngati akuyeza zimene ndikusowa. Nsapato zanga zantchito zatha, eti. Foni yanga yakalamba. Nanga makolo anga sangakonde ndiwagulire kena kake?

Tsiku lina masana, pochokera kuntchito, ndinalowa m'kagolosale ka pansi pa nyumba yathu n'kugula buledi, mkaka ndi mazira. Ndinalipira ndekha osaganizira n'komwe. Asisi anaona jumbo ndisanavule nsapato.

"Wagula ndi chiyani zimenezo?"

"Ndi ndalama zanga, asisi."

"Ndalama zako! Ukudziwa kuti kwatsala masabata awiri okha? Ndakusunga muno, anthu ena akuthamangitsa anamwino m'nyumba zawo, koma iwe kanthu kakang'ono chonchi kakukukanika?"

"Ndi buledi chabe."

"Lero buledi, mawa chiyani? Ndiwe wodzikonda."

Ndinaima pamenepo nkhope ili ndi mizere ya masiki, miyendo ikuwawa. M'mawa womwewo tinali titataya wodwala amene ndinamusamalira sabata yonse. Ndinafuna kuwaponyera mazirawo. M'malo mwake ndinalowa kuchipinda, ndipo mawa lake ndinawauza kuti andigulire foni imene ankanena ija. Sindinkaifuna. Ndinkangofuna mtendere ndi pogona.

Foniyo ndiyo inakwaniritsa mlingo. Uthenga wa banki utabwera, ndinawamva akuimba nyimbo yotamanda Mulungu pabalaza. Ndikafunsa za hotela ankangoti, "Inshallah, Mulungu akalola, zinthu zikakhala bwino."

Patapita miyezi, mahotela atatsegulidwa, ndinadzuka mutu ukuwawa, sopo osamumva fungo. Kuntchito anandiyeza, ndipo anandipeza nako kachilomboko. Anandiuza kuti ndikadzipatule kunyumba. Ndinawauza asisi chitseko changa chili chotseka. Pasanathe ola ndinamva matayala a sutikesi akukhuluzika pansi.

"Asisi, mukupita kuti?"

"Kuhotela. Khalas, nkhani yatha, ndasungitsa kale malo."

"Ndi mapointi aja?"

"Nanga ndi chiyani? Ukufuna tife tonse muno?"

"Munati tidzapita tonse."

"Ungapite bwanji uli chonchi? Komanso khadilo lili m'dzina langa, usaiwale. Kukhitchini usalowe. Uziitanitsa chakudya pafoni yatsopanoyo."

Chitseko chinatsekeka. Kuthawa kwawoko ndikanakumvetsa, chifukwa tonse tinali ndi mantha masiku amenewo. Koma sanandisiyire ngakhale botolo la madzi pakhomo.

Tsiku lachitatu thupi linatentha kwambiri, kupita kubafa ndinkachita kugwira khoma. Ndinatsegula foni n'kupeza kuti asisi alemba pagulu la amayi a kutchalitchi: "Tiyeni timupempherere mng'ono wanga, mtima wanga ukuwawa." Amayi anayankha mmodzimmodzi, kuwathokoza chifukwa chondisamalira. Masana omwewo anaika chithunzi cha chakudya chawo, kumbuyo kukuoneka dziwe losambiramo. Ndinalemba yankho lalitali, kenako ndinalifufuta. Mphamvu zokangana ndinalibe.

Amene anandithandiza ndi mnzanga wa ku Zambia, namwino wa wodi yathu yomweyo. Ankachoka ku Al Twar pa sitima ya Metro tsiku lililonse asanalowe ntchito, n'kugogoda.

"Mwana, nakusiyila vakudya pachitseko. Udye vonse, usanipangitse kukalipa."

Ankadikira pamasitepe mpaka amve kuti ndatenga.

Mapointi atatha, asisi anakakhala kwa mnzawo ku Sports City mpaka ndinachira. Anabwera atavala magolovesi, ndipo asanafunse za thupi langa anati aitana kampani yopopera mankhwala, ndipo ine ndiye ndilipire poti matendawo ndinabweretsa ndine.

"Ndilipira ndi khadi, udzandibwezera," anatero.

"Sindilipira, asisi. Ndipo kutha kwa mwezi uno ndikusamuka."

"Iwe? Ndani angakulandire?"

"Alipo kale."

Anayamba kundiwerengera zabwino zonse zimene anandichitira. Ndinawasiya alankhule mpaka atope, kenako ndinati, "Munandisiya ndekha ndikudwala, n'kukauza mpingo kuti mukundisamalira. Chimenecho musadzachikane pamaso panga."

Sanachikane. Anangoti ndine wosayamika, n'kumenyetsa chitseko cha chipinda chawo.

Ndinasamukira ku Al Twar, kwa mnzanga uja. Matchalitchi atatsegulidwa ndinafotokozera amayi awiri zimene zinachitika. Anandimvetsera bwino, kenako anati ndikhululuke, poti inali nthawi yovuta kwa aliyense. Mwina akunena zoona. Asisi amabwerabe Lamlungu lililonse, amaimba kwaya, ndipo akandiona amandikodola ndi dzanja. Ine ndimawapatsa moni ngati munthu wamkulu, n'kukakhala benchi lina. Kukhululukako sindinafikepo, ndipo sindinganamizire kuti ndakhululuka.