Kachitini Kamene Kanapulumutsa Mano a Amayi

Chizindikiro choyamba chinali nzimbe. Amayi anga athyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo anali munthu wosenda nzimbe ndi mano akuyenda, dengu lili kumsana, kwinaku akucheza. Koma Lachisanu lina mu Okutobala 1998 ndinawabweretsera nzimbe kuchokera kumsika, anailuma kamodzi n'kuiika pansi. Anati sinakhwime. Ine ndinaidya yonse. Inali yokhwima bwinobwino.

Dzina langa ndine Felesiya, ndipo nthawi imeneyo ndinali Fomu 3 pa sekondale yoyendera. Kumalaini, kunyumba za antchito kumene timakhala, ndimadziwika. Njoka ya chubu cha njinga imene inathamangitsa akapitawo mumzere wa tiyi mpaka kutaya chipewa inali yanga. Bilimankhwe wa m'chikwama cha aphunzitsi a Jogalafe analinso wanga. Ndikunena izi kuti mudziwe mtundu wa mwana amene anasamalira wodwala m'nkhani ino.

Mvula itayamba mu Novembala, tiyi anaphuka kwambiri ndipo ntchito inakula. Ululu wa amayi unakulanso. Unkayambira mmunsi mwa khutu lakumanzere n'kutsika ndi nsagwada, ndipo mmawa unkafika mpaka m'mutu. Mano ankalumana okha, iwo osafuna. Tsiku lina la Sabata masana, titabwera kutchalitchi, anagona pamkeka pakhonde, ndipo ndinamva phokoso ngati munthu akupera mchere pamwala. Ndinayang'ana kuseri, ndinayang'ana kwa aneba. Anali mano a amayi akukukutika ali m'tulo.

Pofika kumapeto kwa mweziwo kukamwa sikunkatseguka mokwanira. Makaka ndi kalongonda, zimene amazikonda, anazisiya. Ankadya phala ndi nthochi zofinya, pang'onopang'ono, ndi kasupuni ka ana. Ankalankhula mano atalumana, moti akapitawo anayamba kuwazemba poganiza kuti awakwiyira. Koma kumunda sanajombe. Ankamanga mpango kuzungulira chibwano, kuvala pulasitiki ya mvula, n'kunyamula dengu. Manja awo ankathyola nsonga za tiyi mofulumira monga kale, ndipo pasikelo dengu lawo silinapepukepo. Ine mutu ukangondiwawa pang'ono mudzi wonse umadziwa. Iwo sindinawamvepo akubuula.

Mu Disembala tinapita kuchipatala cha mishoni, kuchipinda cha mano. Wa zamano anali mnyamata waulemu. Anafunsa pamene pakuwawa, amayi analoza. Anafunsa ngati pali mankhwala ena amene akumwa, amayi anandiyang'ana ine kaye, kenako anati ayi. Dzino limodzi lakumapeto linali ndi kadontho kakuda, ndipo linazulidwa. Bala litapola, ululu unali pomwepo. Anatiuza kuti zikapitirira tibwerenso, aone awiri oyandikana nalo.

Apa ndi pamene kachitini kakulowa m'nkhani.

Ndinali nditaona kuti mmawa uliwonse asanapite kumunda, komanso madzulo akaweruka, amayi ankazembera kuseri kwa bafa. Ankamasula mfundo ya pangodya ya chitenje, kutulutsa kachitini kakang'ono kozungulira, kutsina kanthu, n'kuponya mkamwa atatembenukira kumpanda. Kachitini kotere kuno aliyense amakadziwa. Ndi kamene amayi achikulire amasungiramo fodya wopera, woika kutsaya, ndipo ambiri amati amaziziritsa dzino.

Muyenera kumvetsa kuti ife ndi a mpingo wa Sabata. Fodya sitigwira. Ngakhale tiyi amene amatidyetsayu sitimwa, ndipo paketi ya tiyi wafumbi imene esiteti imapatsa antchito amayi ankangogawira aneba. Komanso iwo ndi mdikoni, amene amayala nsalu patebulo la mgonero. Ndiye taganizani chimwemwe changa. Amayi anga, amene anandikoka khutu chifukwa cha bilimankhwe, akubwira fodya kuseri kwa bafa!

Sindinafune kuwaulula kwa munthu. Ndinangofuna kuwagwira mwa njira yangayanga. Tiyi wafumbi ndi fodya wopera zimafanana maonekedwe. Ndinatapa tiyi pang'ono m'paketi ija, ndinamupera ndi botolo kuti asalale, n'kumukulunga m'kapepala. Cholinga chinali kukhuthula fodya, kuthiramo tiyi, kenako kubisala kuseri kwa nthochi n'kuona nkhope yawo. Akanadandaula kwa ndani? Vuto linali limodzi. Kachitiniko sikankachoka m'chiuno mwawo. Posamba ankalowa nako. Kapepala kanga ndinayenda nako m'thumba la siketi kwa masabata angapo, kudikira mpata.

Mu Januwale 1999 zinthu zinaipa. Amayi anaonda, masaya analowa, ndipo mmawa wina supuni inakanika kudutsa pakati pa mano. Anavomera kuti tibwerere kuchipatala akazule awiri aja. Anati bola kukhala ndi zibwano zokha kusiyana ndi ululu umenewu.

Tinanyamuka mvula ikugwa, kudutsa m'minda ya tiyi, ndipo tinafika titanyowa. Kuchipatalako tsiku limayamba ndi nyimbo ndi pemphero, kenako phunziro la zaumoyo. Tsiku limenelo linali la kolera. Tinalembetsa pawindo, amayi anayezedwa sikelo ndi kuthamanga kwa magazi, n'kukakhala pabenchi yayitali ya kuchipinda cha mano. Panali abambo ena tsaya litatupa ngati abisamo bonya, panali mwana wolira, panali agogo amene ankauza aliyense wofika kuti jakisoni wa mkamwa amapweteka kuposa dzino. Mzere unkasuntha pang'onopang'ono. Dzuwa linali litakwera pamene dzina la amayi linaitanidwa.

Poimirira anavula chitenje chapamwamba chonyowa chija, kuti asanyowetse mpando wa adokotala, n'kundipatsa. Ululu unawaiwalitsa mfundo. Chitseko chitatsekedwa ndinakhudza pangodya, ndipo kanali pomwepo.

Mwana wabwino akanaganiza kuti ino si nthawi yake. Inenso ndinaganiza choncho, pang'ono. Kenako ndinamasula mfundoyo ndi mano. Chivindikiro chinali chitagwira ndi dzimbiri. Ndinapotoza, chinakana. Ndinachikanula ndi chikhadabo mwamphamvu, ndipo chinavuuka, kachitini n'kudumpha m'manja. Simunatuluke fodya. Timapiritsi toyera tinamwazika pasimenti, kugubuduka pansi pa mabenchi mpaka pakati pa khonde. Kapepala kanga nakonso kanagwa, tiyi n'kutayikira pamapazi a agogo aja.

Piritsi limodzi linakaima pansapato ya anesi achikulire amene ankadutsa ndi thireyi. Analitola, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iwe mtsikana, mankhwala awa ndi a ndani?"

"Ndi fodya wa amayi, asisitala."

"Fodya?"

"Ndimayesa ndi fodya."

"Nanga icho chili pamapazi pa agogowo?"

"Tiyi. Ndimafuna ndisinthanitse."

Benchi yonse inaseka, ngakhale abambo a tsaya aja, atagwira kukamwa. Agogo anati, "Mwana uyu mukamubereka mumangopepesa kwa Mulungu." Anesi okha sanaseke. M'kachitini munali mutatsala kathumba kapulasitiki kopindapinda, kolembedwa dzina la mankhwala. Anakawerenga n'kufunsa kuti amayi ako ali kuti. Ndinaloza chitseko. Analowa osagogoda, ndipo ndinamva mawu awo ndili panja: "Dikirani kaye, musazule."

Jakisoni wa dzanzi anali atabayidwa kale. Zida zinali zitayalidwa.

Wa zamano uja anapemphedwa kutuluka pang'ono, ndipo anesi anatsala ndi amayi awiriwiri. Ndinkamva akulankhula Chilomwe motsitsa mawu. Ine ndinali pansi, kutola mapiritsi limodzilimodzi, odwala akundilozera amene abisala. Pambuyo pake anatitengera kwa adokotala a mbali ina, kumene tinadikiranso mpaka masana. Anawagwira amayi m'masaya ndi m'khosi, anawauza atsegule ndi kutseka kukamwa, anafunsa mwezi umene anayamba mapiritsi ndi mwezi umene nsagwada zinayamba. Miyeziyo inali yotsatana. Ine anandiitana kumapeto, monga wosamalira wodwala.

"Sindinganene motsimikiza kuti ndi mankhwalawa," anatero adokotala. "Koma mwa anthu ena amaumitsa minofu ya nsagwada, munthu n'kumalumanitsa mano osadziwa. Mano awiriwa ndi abwino. Dzino likazulidwa silibwerera, ndiye tiyese kaye kuchepetsa mapiritsi tione. Musawasiye lero lomwe, mutsate mmene ndikuuzireni."

Pobwerera amayi anatsogola. Ndinkayenda kumbuyo, patali pang'ono poti dzanja lawo ndimalidziwa. Titalowa m'kanjira ka pakati pa tiyi anaima.

"Ndiye iwe unkafuna kundidyetsa tiyi?" Mawu ankatuluka mbali imodzi, tsaya lili dzanzi.

"Eya, mayi."

"Mdikoni wathunthu."

"Ndimayesa mdikoniyo wayamba kale fodya."

Mapewa awo anagwedezeka. Kuseka kunkawapweteka, ndiye anagwira chibwano ndi manja awiri. Kenako anati, "Poti wanditsegula kale pagulu, bwera pafupi umve."

Anandiuza kuti chaka chapitacho anali atayamba kusiya kusamba. Thupi linkawatentha mwadzidzidzi ngati wina wawayandikizira mbaula, thukuta n'kutsika ngakhale kuli chiperoni. Tulo tinkasowa. Kumunda ankamva chizungulire ndi nseru, ndipo tsiku lina anagwa ndi dengu. Kukiliniki ya pa esiteti anawapatsa mapiritsi aja, ndipo chizungulire chinachepadi. Anawauza kuti akaona chachilendo akanene, koma iwo sanaganize kuti piritsi la chizungulire lingakhudzane ndi dzino. Ndipo nkhani za kusamba, mmene analeredwera, sukamba ndi mwana wako, sukambanso ndi mwamuna wa msinkhu wa mwana wako. Kuvomera za mapiritsi kukanabweretsa funso lakuti ndi a chiyani. Ndiye wa zamano atafunsa, mu Disembala muja ndi tsiku limenelo, kawiri konse anayankha kuti ayi, n'kulolera kutaya mano.

Ndakhala ndikuwaona amayi akusenza dengu lodzaza pachitunda choterera, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaona mphamvu zawo. Ananena zonse, mawu ake enieni, akundiyang'ana m'maso, zinthu zimene amayi awo sanawauzepo.

Kuchira sikunabwere msanga. Mu Febuluwale, mapiritsi akuchepetsedwa, chizungulire chinabwerera kwa kanthawi, ndipo ankakhala pansi pamthunzi wa mtengo wa m'munda mpaka chidutse, kenako n'kudzuka kukapitiriza mzere. Madzulo ndinkafunditsa madzi, kunyika kansalu, n'kuwathowa m'masaya monga anesi anandionetsera. Tinkayeza kutseguka kwa kukamwa ndi zala. Poyamba chinkalowa chimodzi, movutikira. Tinkapita kuchipatala pa masiku amene anatipatsa, ndipo ulendo uliwonse anesi aja akandiona ankati, "Wabwera wa tiyi uja, bisani zikwama." Mu Malichi kukukuta kwa m'tulo kunatha. Mu Epulo anadya chimanga chootcha, mbali yakumanja yokha, pang'onopang'ono, koma anamaliza chonse mpaka kutsala chisononkho chokha.

Chimene sindinayembekeze n'chakuti anayamba kukamba nkhaniyi pamzere wa sikelo, pamene amayi amadikira kuyezetsa masamba. Ena ankatseka kumaso ndi chitenje. Ena ankabwera kunyumba madzulo ngati akudzapempha moto, n'kukhala nthawi yayitali kuseri. Ine ankandituma kumjigo, ndowa zili zodzaza kale.

Tsiku lina mu Meyi ndikuchokera kusukulu anandiitana pakhonde. Anati popeza kachitini kaja ndinkakafuna kwambiri, ndikatenge, alibe nako ntchito. Ndinakagwedeza, munali kanthu. Ndinatsegula n'kusuzumira pafupi. Anali tsabola wopera. Ndinayetsemula mpaka misozi, mpaka mamina, mpaka kukhala pansi padothi. Nditatsegula maso ndinaona amayi atagwira mzati, akuseka kukamwa kuli yasa, mano onse ali poyera ndi kampata kamodzi kumapeto. Zala zitatu zikanalowa bwinobwino.

Lero amayi ali bwino. Kutentha thupi kumabwerabe nthawi zina, ndipo akatopa kwambiri nsagwada zimalemera pang'ono, koma kansalu kofunda kamathetsa. Akuthyolabe tiyi. Nzimbe anayambiranso, ndipo tsopano ndikagula ndimabisa.

Kwa amayi amene mwafika msinkhu umenewu, ndi kwa ana amene mukuwasamalira, ndikuti nsagwada zikayamba kuuma kapena mano kulumana okha, pitani kuchipatala msanga, musadikire kuti supuni ikanike kulowa. Tengani mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale amene mukuona ngati sakukhudzana ndi vutolo, mukawaike patebulo. Musawasiye panokha. Ngati wokufunsani ndi mnyamata ndipo mawu akukanika kutuluka, pemphani anesi achikulire, alipo. Si nyumba iliyonse ili ndi mwana womasula mfundo za eni.

Akulu a mpingo anandifunsa ngati ndaphunzirapo kanthu pa zimene ndinachita pakhonde la chipatala. Ndinayankha mwaulemu kuti eya, ndaphunzira kuti chivindikiro cha dzimbiri umayamba wachipaka mafuta. Amayi anali pambali panga, akutafuna mtedza wokazinga, ndipo sanandikoke khutu.