Waya wa a Makutu

Pasiteshoni ya sitima ankawatchula kuti a Makutu. Ntchito yawo inali kukhala m'kachipinda ka wailesi atavala mahedifoni, kumvetsera kulira kwa tswii-tswii kumene sitima iliyonse imatumiza, n'kunena kuti ndi sitima iti ndipo yafika pati. Anakalambira pampando umenewo mpaka kulirako kunawagonthetsa. Akazi awo okha ndiwo ankadziwa, poti kunyumba ankachita kuwagwira paphewa powaitana. Kuntchito, poopa kuchotsedwa, ankangoyang'ana wotchi n'kumalota sitima yoyenera kudutsa.

Tsiku lina bwana anazula waya wa mahedifoni mwakachetechete, n'kuitana antchito onse kuti adzaime pakhomo.

"Madala, ikulira iti pamenepo?" anafunsa bwanayo mokuwa.

A Makutu anawerenga milomo ya bwanayo, n'kutsinzina ngati akumvetsera. "Ya katundu, bwana. Yangodutsa pamlatho."

Bwana anawagwedezera waya uja pamphuno. Onse anaseka mpaka kugwira nthiti, ngakhale mlonda amene a Makutu anamupezera ntchito.

"Vulani, madala, muzikamvera sitima zanuzo kwanu," anatero bwanayo.

Kusekako sanakumve, anangoona mano okhaokha. Anavula mahedifoni, n'kuwapukuta ndi kampango monga mwa masiku onse, n'kuwakoleka pamsomali.