Madzi Ofunda a NyaMsiska

Zinayamba m'nyengo yozizira ya chaka cha 2014. Pa 19 Juni, Mtende, khanda la miyezi khumi la Ida NyaMsiska ndi mwamuna wake Laws Gondwe a ku Bolero, anatupa manja ndi mapazi, nalira masiku awiri. Kuchipatala anati ndi sikoselo, matenda a magazi amene mwana amatengera kwa makolo onse awiri. Akuchimuna anamvapo theka lokha.

"Kwa Gondwe kulibe zimenezi," anatero apongozi aakazi a Ida. "Wabwera nazo kwanu kunyanja."

Ida, mwana wa msodzi wa ku Chiweta, sukulu analekeza sitandade 7, koma mawu a namwino anawasunga onse. Ululu ukayamba, ankafunditsa mwanayo bulangeti, kumuthowa mawondo ndi nsalu ya madzi ofunda, kumumwetsa madzi pafupipafupi, panado pa nthawi yake. Thupi likatentha, ankathamanga naye kuchipatala osapempha chilolezo.

"Mwana ukumuphika ngati chinangwa!" apongoziwo ankaseka. "Ife wamalungo timamuthira madzi ozizira."

"Si malungo, amama. Kuzizirako n'kumene kumadzutsa ululu."

"Yewo chomene, adokotala," anathokoza monyoza apongoziwo.

Mu Okutobala 2018 Laws anakwatira mkazi wachiwiri, ati wamagazi abwino. Anauza Ida kuti akafuna azipita, koma lobola inaperekedwa, mwana ndi wa Gondwe, atsala. Ida sanapite. Anakhala m'kanyumba kakuseri zaka zisanu, kulimira anthu amene sankamupatsa n'komwe moni, chifukwa panalibe wina wotenthetsera Mtende madzi.

Pa 3 Julayi 2023 bambo ake a Ida anamwalira. Mphepo ya pa lole ikanamupweteka mwanayo, choncho popita kumaliro anamusiya, atafotokozera apongozi ake zonse kawiri. Tsiku lachiwiri ululu unabwera. Iwo anamutema mphini m'mawondo, namukulunga m'chitenje chonyowa. M'Julayi wozizira wa ku Nkhamanga, chigwa cha Bolero! Pobwerako Ida anamupeza milomo itayera, akulephera ngakhale kulira. Anagona naye m'chipatala masiku khumi ndi limodzi, mpaka kumuwonjezera magazi. Laws anakazonda kamodzi.

Atatuluka, Ida anaitanitsa akubanja, nanena chilili kuti akupita ndipo Mtende samusiya. Ndinalipo ngati mayi wa mpingo, ndikuyembekeza mkangano waukulu. Sunachitike. Mkulu wake wa Laws, a Hezron, anayang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Musiyeni apite naye," anatero. "Wodwaladwala chonchi adzatibweretsera ng'ombe zingati?"

Mtende anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anamva. Palibe anadzudzula, ngakhale bambo ake omubala. Zaka zonsezo anamugwira mayi uja ndi chingwe cha mwana amene sankamufuna n'komwe.

Ida anamuveka Mtende majuzi awiri, napempha dalaivala kuti akhale kutsogolo kopanda mphepo. Anachoka ku Bolero Lachitatu, pa 2 Ogasiti 2023.