Ku Blantyre ndi Felemu ya a Juwakimu

Ndinanyamuka pa Lisungwi m'mawa wa Lachiwiri, dzuwa lisanayambe kuwawa, nditakulunga felemu ya njinga m'saka. Chinali chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri chija, Neno idakali pansi pa boma la Mwanza. Ntchito yanga masiku amenewo inali yokonza njinga pansi pa mtengo wa bwemba pafupi ndi msika.

Felemuyo sinali yanga. Eni ake anali a Juwakimu, bambo a imvi ochokera ku Mozambiki, amene anakhala zaka zambiri ku kampu ya anthu othawa nkhondo ku Luwani. Ali mnyamata ankachita mipikisano ya njinga ku Beira. Mzungu wina wogwira ntchito pakampupo anabwera ndi njinga yothamangira, koma misewu yathu yamiyala inaing'amba felemu pafupi ndi mapedulo, ndipo pochoka anaisiyira a Juwakimu. Tsopano nkhondo inali itatha, lole yowatenga kubwerera kwawo inali yoti ibwera Loweruka, ndipo iwo anali atangodzuka kumene ku malungo.

"Achimwene, ine sindingayende mpaka ku Blantyre kukaiwotcheretsa," anandiuza atandibweretsera. "Chitsulo ichi ndi aluminiyamu. Musalole munthu aliyense kuchiyandikizira moto ngati sakuchidziwa."

Ndinapalasa njinga yanga mpaka pa msewu wa tala, n'kuisiya kwa mlamu wanga pa Chifunga. Cha m'ma eyiti inafika matola, kagalimoto kotsegula kumbuyo, kodzaza madengu a manachesi ndi matumba a mbatata ya kachewere. Kondakitala anati munthu ndi makwacha khumi mpaka pa Zalewa, katundu payekha.

"Muli chiyani m'sakamu?"

"Njinga."

Anakunga mikono kuti anyamule chinthu cholemera, koma saka linangouluka m'manja mwake, mpaka anadzandira. Anthu onse anaseka. Anatsegula, n'kukoleka felemuyo pa chala chimodzi.

"Kwerani, bambo. Ndikakulipiritsani ichi ndichimwa."

Felemu inayenda m'manja mwa aliyense. Mayi wina wogulitsa manachesi anaigogoda ndi chikhadabo n'kutchera khutu. Anandifunsa kuti keliyala imamangidwa pati. Nditawauza kuti njinga yotere ilibe keliyala, anandiyang'ana ndi chisoni.

"Ndiye wodwala mumamunyamulira pati? Chimanga cha ku chigayo?"

"Imanyamula mwini wake yekha, mayi."

"Njinga yaumbombo," anatero, koma anaipukuta fumbi ndi chitenje chawo asanandibwezere.

Kenaka nkhani inatembenukira ku ndale. Amuna awiri anakangana za mtengo wa feteleza njira yonse, wina kuikira kumbuyo boma latsopano, wina lakale, mokweza mawu. Ife ena tinali tisanazolowere kumva anthu akunena boma poyera. Ndinadzipeza ndikucheuka kuona amene akumvetsera, pomwe m'mbali mwathu munali milambe yokhayokha.

Pa Zalewa ndinagula kanyenya wa mbuzi ndi chinangwa chootcha, ndikudikira minibasi yochokera ku Balaka. Wapolisi wa pa rodibuloko anandiitana, nafuna lisiti ya njingayo. Ndinalibe pepala lililonse kupatula kakalata ka Chipwitikizi kamene mzungu uja analemba. Wapolisiyo anakayang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikukhulupirira kuti sanamvepo liwu ndi limodzi lomwe.

"Matayala ali kuti?"

"Atsala ku Luwani."

"Wakuba sasiya matayala. Pitani."

Ndinafika mu Blantyre cha m'ma leveni, n'kulunjika ku Ndirande, kumene amisiri amapanga chilichonse kuyambira mbaula mpaka mageti. Mmisiri woyamba anati ndi ntchito ya mphindi zisanu, ndipo anali atayatsa kale moto wake. Ndinamufunsa ngati anawotchererapo aluminiyamu. Anati chitsulo n'chitsulo. Ndinatenga felemu n'kutsanzika, iye akundinena kuti ndine wa kumudzi. Wachiwiri anali woona mtima. Anaikanda pang'ono ndi mpeni, napukusa mutu.

"Moto wanga ungasungunule ichi ngati phula. Pitani ku mafakitale kuja, mukafunse a Gomani, amene amakonza matanki a galimoto za mkaka."

Ndinayenda wapansi, dzuwa lili paliwombo, n'kusochera kawiri. A Gomani ndinawapeza nthawi ya nkhomaliro, atakhala pa chigubu akudya bonya ndi mbatata. Anali bambo aafupi, oyankhula pang'onopang'ono. Sanaigwire felemuyo mpaka atasamba m'manja. Anayendetsa chala pa mng'alu uja, nandifunsa mwini wake. Ndinawafotokozera zonse, za Beira, za kampu, ndi za lole ya Loweruka.

"Mwachita mwayi kuti ndi aluminiyamu," anatero. "Ndikumva kuti kunja ayamba kupanga zina za kaboni. Akuti ndi ulusi wakuda woumitsa ndi guluu, zopepuka kuposa iyi. Imeneyo ikanathyoka, ngakhale ine ndikanangokupepesani."

Anatsuka pamng'alupo ndi burashi yatsopano, naboola kabowo kakang'ono kumapeto kwake kuti usapitirire. Makina awo anali ndi botolo la mpweya lalitali ngati munthu, ndipo moto wake unali wabuluu, wosathetheka. Anandipatsa galasi lakuda kuti ndionere. Ndinaona mkono wawo ukuyenda pang'onopang'ono, ukusiya mzere wonga mamba a nsomba. Atamaliza anandiletsa kuthirapo madzi, ndipo tinadikira kuti izizire yokha.

"Tsopano mvetsani," anatero. "Igwira. Koma chitsulo ichi chikapsa chimafewa m'mbali mwa chilonda. Pa tala, mwaulemu, ayenda nayo. Za mpikisano aiwale. Mukawauze zoona."

Basi yomaliza ya ku Mwanza inali itapita, choncho ndinagona kwa msuweni wanga ku Chilomoni. M'mawa ndinakwera basi yaikulu, felemu ili pamiyendo. Njira yonse, kudutsa Lunzu, Lirangwe mpaka mlatho wa Shire, ndinkalimbana ndi mawu a a Gomani. Ndinkaganiza kuti munthu amene wataya nyumba, munda ndi abale, bwanji ndimusiyire kachimwemwe kake kosadukiza. Koma ndinkaonanso felemu ikuthyoka pamtsetse, munthu wamkulu ali pamwamba.

Ndinafika ku Luwani masana a Lachitatu. Kampu inali itayamba kukhala bwinja. Nyumba zambiri zinali zopanda madenga, ndipo anthu ankamanga mitolo ya mapoto ndi mphasa. A Juwakimu anali pakhonde, atafunda bulangete. Anayang'ana ntchito ya a Gomani, naisisita ndi chala chachikulu. Ndinawauza zonse monga ndinauzidwira.

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mpikisano? Ndi mawondo awa? Achimwene, ine ndinalowa m'dziko lino usiku, ndikukwawa m'tchire. Lole ikangodutsa chipata cha m'malire cha pa Zobwe ndikatsika. Ndikufuna kukalowa kwathu masana, pamsewu, ndikupalasa ndekha."

Tsiku lotsatira lonse tinamanga njingayo. Matayala ake anali opyapyala ngati chala, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Lachisanu m'mawa tinaikankha mpaka ku tala, chifukwa iwo anakana kuti igunde mwala ndi umodzi womwe. Akazi awo, mayi Luwiza, anatitsatira ndi botolo la madzi, akudandaula kuti munthu wongochira kumene akufuna kudzipha.

A Juwakimu anakwera movutikira, nagwedezeka pang'ono poyamba. Kenaka anawerama, msana unawongoka ngati thabwa, ndipo miyendo inayamba kuzungulira mosalala. Njinga sinamveke phokoso. Sanathamange kwambiri, koma munthu amene ndinkamudziwa akuyenda chotsimphina pamzere wolandirira ufa sanalinso yemweyo. Anakafika pa mlambe wina patali, natembenuka osatsitsa phazi.

Mayi Luwiza anali atasiya kudandaula. Anakwatirana nkhondo ili mkati, ndipo anali asanawaonepo amuna awo pa njinga yotere.

"Zaka zonsezi akundiuza za ku Beira," anatero motsitsa mawu, "ine ndimayesa amangonama."

Lole inanyamuka Loweruka, ndipo sindinamvenso za iwo. Ndakonza njinga zambiri chichokereni nthawi imeneyo, zonyamula makala, mbuzi ndi amayi oyembekezera. Zonsezo ntchito yake ndimaidziwa mwini wake asanatsegule pakamwa. Ya a Juwakimu yokha ndi imene inandiphunzitsa kuyamba ndafunsa munthu kumene akufuna kukafika.