Malo pa lole ya maliro

Ine kale ndinkakhulupirira kuti mwamuna amakwatira chifukwa chotopa ndi kuchapa yekha. Musandiseke, sukulu ndinalekeza panjira. Ndiye atabwera anyamata awiri kudzachita lendi kuseri kwa nyumba yanga ku Ndirande, wina telala wina wowotcherera zitsulo, onse odziwa kuchapa ndi kuphika, ndinati awa amasuka, ukwati sauufunanso.

Anakalambira pakhomo panga mpaka imvi kuyamba. Anthu ankati ndi pachibale. Mayi akunyumba anazindikira kalekale, ine ndinachedwa ngati minibasi yodikira kudzaza.

Tsiku lina wowotcherera uja anandipeza pakhonde ndikusenda mbatata yophika.

"Madala, mwakhala nkhoswe ya maukwati ambiri. Simungakhale yathu?"

Ndinatsamwa ndi mbatata. "Iwe, ndikafunsire mbeta kwa malume ake a ndani? Nanga wovala velo ndani, iwe ndi ndevu zakozi?"

Anaseka pang'ono, kenako anatsitsa mawu, maso ali kumsewu, poti nkhani zotere zikamveka mathero ake ndi kupolisi.

"Velo sitikulifuna, madala. Inu mukadwala, adokotala amafunsa mayiwa. Mukayambana, muli ndi kokadandaula. Ife tikayambana timatseka chitseko n'kukweza wailesi. Ndikungofuna munthu mmodzi woti tsiku lina adzanene kuti awa anali banja."

Ndinamuuza kuti ndiganizira. Ndinali ndikuganizirabe pamene telala uja anadwala m'nyengo yozizira, n'kutisiya.

Abale ake anabwera kuchokera ku Mulanje. Mwambo mukuudziwa: wamasiye amakhala m'nyumba pafupi ndi bokosi, amayi atamugwirira, kulira mmene angathere. Amuna timakhala panja pa mabenchi. Mnyamata wanga wowotcherera uja anakhala nafe panja. Amalume a malemu ankamutuma: "Achimwene, tawonjezerani nkhuni." Iye n'kumapita.

M'mawa lole inafika. Amalume anayima pakhomo pa lole n'kumaitana: abale, akwaya, eni nyumba. Mnyamata uja atagwira chitsulo kuti akwere, amalumewo anamufunsa:

"Inu ndinu ndani wake?"

Anandiyang'ana. Ine ndinayamba kuwerengera mumtima. Ndikanena zoona, ndamupereka kwa anthu olusa ndi chisoni. Ndikakhala chete, atsala.

"Mnzake," anayankha yekha.

"Anzake ndi ambiri, bambo. Malo atha."

Ndinati atenge malo anga, ine miyendo ikuvuta. Amalume anakana. "Eni nyumba mukalankhula kumanda za mmene mwana wathu ankakhalira. Awa akalankhula monga ndani?"

Ndinapita. Kumanda ndinati malemu anali munthu waukhondo, wosachedwa kugona, wosabweretsa akazi pakhomo. Anthu anagwedeza mitu, kuyamikira.

Tinabwerako dzuwa litalowa. Mabenchi anali atabwezedwa kutchalitchi, bwalo litasesedwa, phulusa litawoledwa. Zonsezo wowotcherera uja anachita yekha. Chitseko chakuseri chinali chotseka, wailesi ikulira mokweza.

Ndinalowa m'nyumba, n'kupeza mayi akuvindikira mbale ziwiri. Ndinatambasula dzanja, iwo n'kulimenya.

"Si zanu izi. Nyamulani mupititse kuseriko, ndipo mukakhale naye mpaka amalize. Wamasiye saphika yekha, ankhoswe."